Phewa la Chitsulo la a Sumaili

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chomwe ndinapumira ntchito ndili m'sitolo ya mankhwala, ndikusanja makatoni ndi kupukuta fumbi, m'malo mogwira mafupa a anthu monga ndinaphunzirira. Mayi anu amangokuyankhani kuti bambo anu ali ndi pakamwa. Pakamwa ndili napodi, koma si pomwe panandichotsa m'chipinda cha mafupa. Chinandichotsa ndi mkono wamanja wa a Sumaili a ku Liwaladzi, mmisiri wosema mabwato, umene ndinaugwira tsiku limene bwana anandiletsa kuugwira. Ndikulemba izi ndili ndi mkwiyo, ndipo sindikufuna kuti wina adzaufewetse ndikadzapita. Mukaona zilembo zikupindika penapake, musati ndi ukalamba.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Za ubwana wanga kafunseni azakhali anu, ndiwo amakonda kuzifotokoza n'kumathirako mchere. Ine ndiyambira pamene ananditumiza ku kachipatala ka kumapiri a ku Ntchisi ngati wothandizira dokotala, ndili mnyamata wa jekete loyera limodzi lomwe ndinkachapa madzulo n'kulivala m'mawa lisanaumitsitse. Dokotala amene ndimati ndikukamuthandizayo kunalibe. Kunali ine, mzamba mmodzi, ndi a Phiri, mdala amene anayamba ntchitoyi ine ndisanabadwe. Pulasitala womangira mafupa ankabwera mwa apo ndi apo, moti mwana akagwa mumtengo wa mango tinkamumanga ndi nsungwi zong'amba ndi makatoni a sopo. A Phiri anali munthu wouma nkhope, wosadziwa kuyamika, koma ndiwo bwana yekhayo amene ndimamukumbuka osakukuta mano. Wodwala akalowa, ine n'kuthamangira kugwira pamene patupa, ankandimenya padzanja ndi cholembera. "Wamufunsa kuti mkono umenewo amagwira nawo ntchito yanji?" Ndikati ayi, ankanditulutsa kuti ndikalowenso, ndiyambire pa moni. Ndinkadana nawo kwambiri masiku amenewo. Anamwalira ndisanawauze kuti ndinawamva.

Zaka za m'ma 1990

Ndinapita ku Blantyre kukaphunzira za mafupa, ndipo nditabwerako ndinalowa ntchito pa chipatala chaching'ono cha bungwe lina, kumpoto kwa boma la Nkhotakota, cha pakati pa Liwaladzi ndi Dwangwa. Dzina lake sindilemba. Bungwelo linachoka kale, ndipo ena mwa amene ndinagwira nawo ntchito akadali moyo, ali ndi adzukulu. Kumeneko ndi kumene munabadwira nonse, ndi kumene ndinakalambira. Odwala anga anali odula nzimbe odzitema ndi zikwanje, anthu a njinga ogundidwa pamsewu waukulu, ndi asodzi. Anthu ankangonditcha adokotala a mafupa, ngakhale kuti udokotala weniweni sindinaufike, ndipo ndinatopa n'kuwawongola.

Chomwe ndinadziwika nacho kwambiri ndi mapewa. Munthu wopalasa bwato mwera ukuwomba, kapena wokoka khoka lolemera, phewa lake silichedwa kuguluka. Mutu wa fupa la mkono umatuluka m'malo mwake n'kukakhala kutsogolo, munthu n'kumayenda chopendekeka atanyamula chigongono ngati khanda. Asodzi ali ndi njira yawo yakalekale. Amamugoneka munthuyo pamchenga, wina n'kuponda chidendene m'khwapa mwake n'kukoka mkono ndi mphamvu zonse mpaka fupa libwerere. Kwa mnyamata wa mafupa olimba nthawi zambiri zimatheka, n'chifukwa chake sasiya. Ndinakalipa za njira imeneyi zaka zonse ndinali kumeneko, m'madoko, m'misonkhano, ngakhale pamaliro, koma ankangondiseka kuti adokotala akuopa kulandidwa ntchito. Ine ndinkachita mosiyana. Ndinkayamba ndajambula fupa kuti ndione ngati silinathyoke, ndikatero n'kumubaya munthu mankhwala kuti minofu ifewe, kenako n'kukoka pang'onopang'ono mpaka litalowa lokha. Ndinabweza mapewa ambirimbiri mwa njira imeneyi, ndipo sindinapundule munthu.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010

Mabwana ndinaona ambiri, oledzera, opemphera, ndi ena ongodutsa. Wotsiriza tinkamutcha a Wekishopu, chifukwa mwezi sunkatha asanapite ku msonkhano wa kuhotela. Musaganize kuti anali mbuli. Anali dokotala wophunzira bwino, ndipo akakhalapo ntchito ankaidziwa kuposa tonse. Vuto ndi loti sankakhalapo. Makina athu ojambulira mafupa anafa nthawi yawo. Ndinadandaula pamsonkhano uliwonse wa m'mawa mpaka anzanga anayamba kundiyeseza mawu, ndipo yankho linali limodzi: "A Kamtedza, zili m'ndondomeko." Makinawo anakhala m'ndondomekomo mpaka akangaude anamangamo nyumba. Tinali ndi ambulansi imodzi, galimoto yolimba, ndipo a Wekishopu ankayendera imeneyo ku misonkhano yawo, ati yawo ndi yapansi, ingawonongeke m'maenje. Imeneyo inalinso nyengo ija mafuta anasowa m'dziko muno, magalimoto akugona pa mizere, maminibasi akuyenda mwa mwayi. Chipatala chinkasunga mgolo wa mafuta a ambulansi, woti wodwala mwakayakaya athamangire nawo ku Lilongwe. Kiyi wa mgolowo ankakhala m'thumba la bwana.

A Sumaili ndinawadziwa kale kwambiri. Anali Msilamu wosaphonya swala, mapemphero awo aja, munthu wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo bwato losemedwa ndi iwo asodzi ankalizindikira lili patali. Chaka china lole imene anakwera inagubuduzika, mutu wa fupa la phewa lawo lamanja n'kuphwanyika ngati dzira. Umenewo sunali mlingo wanga, ndinawatumiza kwa akuluakulu, ndipo kumeneko mzere wodikira unali wautali. Mwana wawo wamkazi, Mariamu, amene amagwira ntchito ku Joni, anawatenga n'kupita nawo komweko. Madokotala akumeneko anachotsa mutu wophwanyikawo n'kuikapo wachitsulo, wokhala ndi mchira wolowa m'kati mwa fupa la mkono. Ntchito anaigwira bwino, sindinganame. Koma zonse anazifotokozera Mariamu m'Chingerezi, mwini phewa ali pambali ngati mlendo pa nkhani yake yomwe. Mariamu anatsala ku Joni, bambo ake n'kuwakweza basi ndi malangizo amodzi, akuti asamanyamule katundu wolemera. Palibe anawafunsa kuti kwawo phewa la mwamuna limagwira ntchito zanji. A Sumaili malangizowo anawasunga ndithu. Thumba la mpunga sankalikhudza, mtolo wa nkhuni ayi. Miyezi itapita anayambanso kugwira kasemasema pang'onopang'ono, ndipo anali atayamba bwato latsopano, loyamba chichitikireni ngozi ija.

Lachiwiri lija

Anabwera nawo dzuwa lili pamutu, atawakhazika pakati pa njinga yamoto, kumbuyo kuli mlamu wawo a Juma akuwagwirira. Akazi awo, mayi Asiyatu, anafika pambuyo pa njinga ina. A Sumaili anali atavala mkanjo woyera wodetsedwa ndi dothi lofiira, thukuta lili kamukamu, koma osabuula. Nditang'amba mkanjowo ndinaona chipsera cha opaleshoni, ndipo pansi pake chitsulo chija chitatukula khungu kutsogolo kwa phewa. M'khwapa munali motupa, mwakuda bii.

"Chachitika n'chiyani, bambo?"

Anayankha ndi a Juma. Mkulu wawo wa a Sumaili anamwalira usiku wapitawo, ndipo m'mawa umenewo amakaika maliro. Inu ana mwakulira pakati pa Asilamu, mukudziwa mmene jeneza, chithatha chonyamulira maliro chija, imayendera. Siikwera galimoto, imayenda pamapewa a amuna, ndipo imathamanga. Aliyense amalowa pansi, kunyamulako pang'ono, n'kusiyira mnzake, kuchokera ku mzikiti mpaka kumanda. Mlendo wongodutsa amatsika panjinga n'kuikapo phewa. Nanga mng'ono wake wa malemu angaime pambali manja ali kumbuyo, mudzi wonse ukuona? A Sumaili analowa kutsogolo, n'kukweza mkono kugwira mtengo wa jeneza. Pa kamtsetse kolowera kumanda a kumbuyo anakankha, wa kutsogolo mnzawo anaterereka, ndipo kulemera konse kunagwera pa mkono wokwezedwawo n'kuupindira kumbuyo.

"Koma sanausiye mtengowo mpaka wina atalandira," anatero a Juma, ngati akundiuza chinthu choti ndisangalale nacho.

"Bambo, sanakuuzeni kuti musanyamule zolemera?"

A Sumaili anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ananena katundu, adokotala. Uja ndi achimwene anga."

Ndinaloza m'khwapa muja n'kufunsa kuti nanga umu mwatani, ngakhale yankho ndinali ndikulidziwa kale. A Juma anayang'ana pansi. Atatha kukwirira, anawagoneka pansi pa mtengo kunja kwa manda, a Juma n'kuponda m'khwapa n'kukoka. Litakana, anayesanso mnyamata wina wamphamvu kuposa iwo. Ndinakalipa mawu amene sindingawalembe pano. Ndinawauza kuti fupa la munthu wamkulu lokhala ndi chitsulo m'kati sangalikoke ngati chingwe cha khoka. A Juma anangoti, "Timatero nthawi zonse, adokotala, ndipo limalowa." Sankanama, ndipo n'chimene chinandipsetsa mtima kwambiri.

Kenako ndinagwira dzanja, ndipo mkwiyo unasanduka mantha. Dzanja lamanja linali lozizira, lamanzere lili lofunda. Zikhadabo zinali zotuwa. Mtsempha wa pamkono unkagunda mofooka, moti ndinkachita kuufunafuna. Ndinaitana namwino wathu, a Nabanda, kuti nawonso amve, ndipo anagwedeza mutu. Chitsulo chija chinali chitapana njira ya magazi. Mkono wosalandira magazi sudikira masiku, umafa, ndipo ukafa chotsala n'kuudula.

Munthu wotere malamulo ake ndi odziwika. Umamujambula kuti uone ngati fupa lang'aluka mozungulira chitsulo, ukatero n'kuthamanga naye kwa madokotala a opaleshoni ya mafupa ku Lilongwe. Makina anali akufa. Ambulansi inali ku Salima, kuhotela ya m'mbali mwa nyanja, kumene bwana ankaphunzira za kasamalidwe kabwino ka odwala. Ndinaimbira anzanga a m'zipatala zina zapafupi, aliyense galimoto yake ili pa mzere wa mafuta, ndipo onse ankanena chimodzi, kuti phewa lachitsulo ndi la ku Lilongwe. A Juma anathamangira kumsewu kukafunafuna galimoto iliyonse, n'kubwerako chimanjamanja. Ndinaimbira bwana. Anayankha nditaimba kangapo, kumbuyo kukumveka mafoloko ndi mbale.

"Bwana, ndili ndi munthu wa phewa lachitsulo. Laguluka, alikoka kale kumudzi, ndipo dzanja likuzizira. Ndikufuna ambulansi lero."

"A Kamtedza, mafuta ali m'galimotomu ndi obwererera Lachisanu. Ndikaitumiza, ine ndibwera bwanji?"

"Mukwera minibasi ngati anthu ena onse."

Anayamba kulankhula ndi mawu aja a pamsonkhano. "Mverani. Musamugwire munthu ameneyo. Simunamujambule, ndipo zitsulo zimenezo simunaphunzire. Mukathyola fupa pafupi ndi chitsulo, mlandu ndi wanu nokha. Mupatseni mankhwala opha ululu, mumugoneke. Lachisanu apita."

"Lachisanu dzanjali lidzakhala litada."

"Inu mumakonda kukulitsa nkhani," anatero, n'kudula foni.

Pa zothyola fupa sankanama, ndipo ndinkadziwa. Koma iwo ankalankhula ali ndi foloko m'manja, ine ndili ndi dzanja lozizira la munthu. Ndinaligwiranso. Mtsempha uja tsopano ndinkaumva mwa apo ndi apo, ndipo a Sumaili anati zala zikuchita dzanzi.

Ndinakoka mpando n'kukhala pafupi nawo, mayi Asiyatu ataima kumutu. Ndinawafotokozera zonse m'Chichewa chathuchi, osabisa kanthu. Ndinawauza chomwe chili m'phewa mwawo, mmene chinapangidwira ndi pomwe chapana. Ndinati tikadikira Lachisanu, mkono ukhoza kufa n'kudulidwa. Ndikalibweza ine pano, magazi akhoza kuyambanso kuyenda, koma ndikhala ndikugwira mumdima, ndipo fupa likhoza kuthyoka, ngati silinathyoke kale kumanda kuja. Ndinawauzanso kuti bwana wandiletsa.

"Ndiye kuti chitsulocho chili ndi mchira?" anafunsa a Sumaili. "Ine ndimayesa ndi kampira chabe. Palibe anandiuzapo."

"Chili nawo, wautali ngati chala ndi theka."

Milomo yawo inayamba kuyenda, ndikuganiza kuti ankapemphera. Kenako anati, "Dzanja ili ndimadyera, ndimaperekera moni. Lamanzere mukudziwa ntchito yake. Musandisiye ndi lamanzere lokha, adokotala. Gwirani. Zikakanika, ndi mmene Allah walembera."

Mayi Asiyatu anati, "Mwamva, anena okha."

A Nabanda anandikokera pambali. "Mukudziwa kuti akuchotsani ntchito?" Ndinati ndikudziwa. Anapita kukatenga mankhwala ogonetsa, ndipo chimenecho sindidzawaiwala nacho. Tinawagoneka a Sumaili. Tinakulunga nsalu ya pabedi pachifuwa pawo, n'kuwapatsa a Juma kuti agwire mbali inayo, nditawauza kuti akangokoka okha ndiwatulutsa. Ndinagwira mkono pamwamba pa chigongono n'kuyamba kukoka, osati ndi mphamvu, koma mongoutsamira, kudikira kuti minofu itope. Ndinakhala choncho mpaka msana wanga unayamba kuwawa, thukuta likulowa m'maso. Kenako ndinautembenuza pang'ono kwambiri, chala chachikulu chikukankha chitsulo chija. Chinatsetsereka n'kulowa. Koma polowapo ndinamva m'zala zanga kukhukhuzika kumene sikumayenera kukhalapo, ngati mchenga pakati pa mbale ziwiri. Ndinagwira pamkono n'kudikira. Mtsempha unayamba kugunda, poyamba mozemba, kenako mwamphamvu. Zikhadabo zinayamba kufiira. A Nabanda anaika dzanjalo patsaya pawo n'kunena kuti, "Likufunda." Ndinamanga mkonowo pachifuwa n'kutuluka panja.

Lachisanu ndi miyezi yotsatira

Ambulansi inabweradi Lachisanu, itanyamula bwana ndi nsomba zouma za kunyumba kwawo. Tsiku lotsatira inawatenga a Sumaili. Ku Lilongwe atawajambula anapeza kuti phewa lili m'malo mwake, koma fupa linali litang'aluka m'munsi mwa mchira wa chitsulo, ndipo mtsempha wokweza mkono unali utavulala. Zida zosinthira chitsulo chotero kunalibe. Anawamanga n'kuwabweza kuti fupa lilumikizike lokha. Linalumikizikadi, koma phewa linauma. Zala zinkagwira, chigongono chinkapinda, koma mkono sunakwerenso kupitirira pamchombo.

Ndani anang'alula fupalo? Jeneza, chidendene cha a Juma, mnyamata wamphamvu uja, kapena ine? Palibe munthu padziko pano angayankhe, chifukwa chithunzi choyamba chinajambulidwa patapita masiku, pamene chikanayenera kujambulidwa Lachiwiri masana pa makina athu. Koma komiti ya chipatala inayankha mosavuta. Mariamu anali ataimba foni kuchokera ku Joni akulira, akuti munthu wosaphunzira wawononga ntchito imene iye anaivutikira zaka. Iyeyo sindimuimba mlandu, anauzidwa zimenezo. Anandiitana m'chipinda cha misonkhano, akuluakulu a bungwe atakhala mondandalika, bwana ali pakati ndi nkhope yachisoni ngati wofedwa. Bwanayo anati anandichenjeza momveka bwino, ndipo ine ndinavomera kuti anandichenjezadi. Ndinafotokoza za dzanja lozizira. Mmodzi wa akuluakuluwo, bambo waulemu wake ndithu, anati, "Koma a ku Lilongwe akuti dzanjalo linafika lili lofunda bwinobwino." Ndinati linafunda chifukwa ndinabweza phewa lija. Anayang'anana. Mwaona mmene zinalili, ana anga? Ndikanamvera bwana, dzanja likanafika lakuda, umboni wanga ukanaoneka ndi aliyense, ine n'kukhala wosalakwa. Chifukwa ndinalipulumutsa, panalibenso chosonyeza kuti linali pangozi. A Nabanda ananena zomwe anaona, mawu ali pansipansi, koma anawafunsa ngati iwo ndi dokotala, nkhani n'kuthera pomwepo.

Apo ndi pamene pakamwa paja panatseguka. Ndinafunsa kuti ambulansi inali kuti. Ndinafunsa kuti mafuta a mumgolo anathera ulendo wa wodwala uti. Ndinafunsa kuti makina ojambulira akhala akufa kuyambira liti, ndipo ndani mwa iwo anabwerapo kudzawaona. Anati zimenezo si zomwe takumanirana. Ndinati ndiye mwakumanirana zopanda pake. A Sumaili sanawaitane, ati ndi wodwala, asavutitsidwe. Munthu uja sanafunsidwe ku Joni, sanafunsidwenso kwawo konkuno.

Sanandichotse ntchito, poti zikanamveka. Anangoti manja anga akufunika kupuma, n'kundipatsa makiyi a sitolo ya mankhwala. Zaka zanga zomaliza ndinazithera mmenemo. Pawindo la sitoloyo ndinkaona asodzi akubwera chopendekeka atanyamula zigongono, akuuzidwa kuti wa mafupa kulibe, apite kuboma. Ambiri sankapita. Ankabwerera kumchenga kukapondedwa m'khwapa. A Wekishopu sanathe chaka, anakwezedwa n'kupita ku likulu la bungwe. Pa phwando lotsanzikana nawo ine sindinapite, ndipo mayi anu anandinena kuti ndine wosakhululuka. Ndinavomera.

Nditapuma ntchito

Chaka chathachi ndinapita ku Dwangwa kukagula malata a khitchini ija. Ndikudutsa mumsika ndinamva wina akuti, "Adokotala a mafupa." Anali a Sumaili, atakhala pa kampando pakhonde la sitolo, ndevu zonse zitayera. Pamiyendo pawo panali thireyi ya mbedza, ndipo ankamangirira mbedzazo ku zingwe zowedzera, kugulitsa kwa asodzi. Ndi ntchito ya zala, yosafuna kukweza mkono. Ndinaima n'kumayang'ana zala zija zikupota mfundo mwachangu, ndipo sindibisa, ndinamva kukoma. Popereka moni anagwira chigongono chamanja ndi dzanja lamanzere n'kuchikankhira m'mwamba kuti dzanja lifike kwa ine. Linali lofunda, logwira mwamphamvu.

Tinafunsana za kunyumba. Mayi Asiyatu ali bwino, a Juma anamwalira, Mariamu akadali ku Joni. Ndinafunsa za bwato lija anali atayamba. Anati linakhala pamtunda momwemo losatha, chiswe n'kulidya, ana n'kumaliwaza nkhuni. Kasemasema anapatsa munthu wina.

"Nanga bwana wanu uja?"

"Anakwezedwa."

Anagwedeza mutu ngati ndawauza mtengo wa usipa. Anamanga mbedza ina, kenako anasiya, n'kundiyang'ana mmene anandiyang'anira tsiku lija. "Pali chomwe ndakhala ndikufuna kukufunsani. Inu simunama, munandiuza zoona pamene ena ankalankhula Chingerezi pamutu panga. Galimoto ija ikadakhalapo tsiku limene lija, makina aja akadakhala amoyo, bwenzi ndikusemabe?"

Ndinafuna kuwauza kuti ayi, kuti phewa linali litatha kale kumanda, kuti mtima wawo ukhale pansi. Pakamwa panakana. Ndinati, "Sindingalumbire, bambo. Koma mwina bwenzi mukusema."

"Mwina," anabwereza. Anaweramitsa mutu mpaka pamiyendo, chifukwa dzanja silikanafika kukamwa, n'kuluma chingwe kuchidula ndi mano. "Mukadati ayi, bwenzi ndikugona tulo."

Ndinakwera minibasi malata osagula.